Pa boma, m'boma, kwa Mponda: mafunso a abale a ku Mangochi okhala ku Joni

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku gulu limodzi. Ndi abale a ku Mangochi okhala kuno ku Joni, amene amakumana cha ku Mayfair mwezi ukatha kuti asonkherane ndalama zothandizana pa matenda ndi pa maliro. Chaka chino agwirizana zolemba kabuku kofotokozera ana awo obadwira kuno mbiri ya kwawo. Atangogwira cholembera, mawu amene amayankhula tsiku ndi tsiku osaganizira kawiri ayamba kuwapiringiza. Ndasankha mafunso amene ndikuona kuti angathandizenso a ku Ntcheu, a ku Dowa kapena a ku Mchinji amene angafune kuchita zofananazo.

Woyamba ndi bambo wina amene amagwira ntchito pa malo ogona alendo odzaona nyama zakutchire kunja kwa mzinda uno. Akuti: "Kuntchito kwathu, kampanda kozungulira kamene alendo amaotheramo moto ndi kuwotcha nyama usiku amakatchula kuti boma. Koma ife kusukulu tinkamva kuti BOMA ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Zoona ndi ziti? M'kabukumu tilembe ndi zilembo zazikulu?"

Bambo, lembani ndi zilembo zazing'ono: boma. Mawuwa si chidule. Nkhani ya zilembo zinayi ija ndinaimva inenso ndili mwana, ndipo imakoma kuifotokoza chifukwa imaoneka ngati ikugwirizana ndi mbiri. Koma idapekedwa pambuyo, mawuwo alipo kale. Boma ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda wolimba wotchingira anthu kapena ziweto, womangidwa ndi mitengo, minga kapena miyala. Umboni wosavuta ndi uwu: Ajeremani amene ankalamulira Tanganyika nawonso ankatchula maofesi awo kuti boma, ndipo ku Bagamoyo nyumba yawo ya boma ikadalipo mpaka lero. Mjeremani sakadatenga chidule cha Chingerezi n'kuchipachika pa ofesi yake. Kampanda ka kuntchito kwanu kaja, ngakhale kali ka zisangalalo, kasunga tanthauzo loyambalo kuposa mmene ife talisungira.

Chichewa chidali nawo mawu akeake a chinthu chomwechi. Timati linga, ambiri malinga. Makolo ankamanga linga kuzungulira mudzi m'nthawi ya nkhondo, ndipo ku Nkhotakota dzina lakuti Linga lidakhazikika ngati dzina la malo. Koma linga la Mngelezi silidatchedwe linga. M'mbali mwa nyanja Chiswahili chinkamveka kale chifukwa cha malonda a ku gombe, ndipo pakati pa asilikali oyamba a Harry Johnston, Mngelezi woyamba kulamulira dziko lathu, padali anthu a ku Zanzibar. Mawu a m'kamwa mwa asilikaliwo ndi amene adakakamira.

Kwanu ku Mangochi n'kumene nkhaniyi imaoneka bwino koposa, chifukwa boma la kumeneko lidayamba lili boma lenileni, mpanda wa nkhondo. M'chaka cha 1891, chaka chomwe dziko lathu lidalowa pansi pa Mangalande, Johnston adabwera ndi Kaputeni Cecil Maguire pamodzi ndi asilikali ochokera ku India, namanga linga tsidya la kum'mawa la mtsinje wa Shire, moyang'anizana ndi mudzi waukulu wa Mponda. Malowo sadawasankhe mwangozi. Pamenepo mpamene Shire amatuluka m'nyanja, ndipo amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo opita ku gombe ankawolokera pomwepo. Wogwira dooko limenelo ndiye anali atagwira njira. Lingalo adalitcha Fort Johnston. Zaka zochepa zitapita, m'zaka za m'ma 1890 momwemo, adalisamutsira kumene kuli tauni lero, tsidya la kumadzulo.

M'kati mwa mpandamo ndi mmene munkakhala mzungu wolamula. Kenaka mudabwera kalaliki, amesenjala, ndende, bwalo la milandu ndi bokosi la msonkho. Munthu akaitanidwa ankati ndikupita ku boma, kutanthauza ku mpanda kuja. Pang'ono ndi pang'ono dzina la mpanda lidagwera anthu okhala m'katimo: boma likufuna msonkho, boma lamanga uje. Kenaka lidagweranso dera lonse limene anthu ake ankakhoma msonkho pa mpanda umenewo. N'chifukwa chake lero mawu amodzi tikuwasenzetsa akatundu atatu: malo amene pali maofesi, dera lonse, ndi ulamuliro wa dziko.

Funso lachiwiri likuchokera pomwepa. Mayi wina wosoka zovala ku Fordsburg akuti: "Ndinauza mwana wanga kuti ndinabadwira ku boma la Mangochi. Titapita kumudzi pa Disembala, basi itaima m'tauni iye anayamba kutsitsa zikwama, pamene kwathu ndi kwa Makanjira, ulendo wina wautali. Anati ndinamunamiza. Ndikanati chiyani?"

Mayi, simunamunamize, koma kamawu kamodzi kanakutayitsani. Chichewa chidapeza kale njira yolekanitsira akatundu atatu aja, ndipo njirayo ndi timawu tating'ono ta malo: pa, ku ndi mu. Mukati pa boma, mukunena malo enieni amene pali ofesi ya DC, polisi, chipatala chachikulu ndi msika. Pa ndi kamawu ka malo ochepa, oti munthu n'kuloza ndi chala. Mukati m'boma la Mangochi, mwalowa m'kati mwa malire a dera lonse, kuyambira ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Malindi mpaka kwanu kwa Makanjira. Mu ndi kamawu ka m'kati mwa chinthu chokhala ndi malire. Ku boma ndiye kosokoneza, chifukwa kamangoloza komwe munthu akulowera. Wa kumudzi akati ndikupita ku boma, aliyense amadziwa kuti akupita m'tauni muja. Wina akati nkhaniyi tikaitula ku boma, angakhale akunena za ulamuliro wa dziko. Inu mukanati: ndinabadwira m'boma la Mangochi, kwa Makanjira. Mwana akanadziwa kuti pa boma mpodutsa chabe.

Apa ndionjezepo za mawu akuti likulu la boma, amene ndawaona m'zolemba zimene munanditumizira. Akakhala okha amasokoneza, chifukwa wina aganiza za ku Lilongwe kumene kuli maunduna. Mukafuna kuwagwiritsa ntchito amalizeni: likulu la boma la Mangochi. Koma kunena zoona, pa boma mpokwanira, ndipo ndi mmene anthu amayankhulira.

Taonaninso kamawu kena kamene mwakagwiritsa ntchito bwino osakaganizira: kwa. Simunati ku Makanjira, mwati kwa Makanjira. Kwa amatsogolera dzina la munthu. Timati kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Nankumba, kwa Chimwala, kwa Katuli, chifukwa awa ndi maina a mafumu, ndipo malowo amadziwika ndi mwini wake. Koma timati ku Namwera, ku Malindi, ku Mangochi, chifukwa awa ndi maina a malo. Ana obadwira kuno amakonda kuika ku paliponse, ndipo m'makutu mwa wamkulu "ku Mponda" amamveka ngati mfumu yasanduka mtsinje. Aphunzitseni kusiyanaku. Kamawu aka kamasunga chinthu chimene mapu sasunga: kuti dziko lidali ndi eni ake odziwika ndi maina.

Tsopano ndifike pa funso limene landikhalitsa pansi nthawi yaitali. Mlembi wa gululi wanditumizira chiganizo choyamba cha kabuku kawo, n'kufunsa ngati Chichewa chake chili bwino. Chiganizocho n'chakuti: "Mangochi inayamba mu 1891 pamene Harry Johnston anatulukira malowa n'kukhazikitsa boma."

Achimwene, galamala yake ilibe vuto lalikulu. Vuto lili pa aneni awiri, inayamba ndi anatulukira. Kutulukira, m'lingaliro limene mwaligwiritsira ntchito, ndi kupeza chinthu chimene anthu sankachidziwa. Dokotala amatulukira mankhwala. Koma Johnston atafika adapeza mudzi waukulu, mfumu yake ili pomwepo, mabwato akuwoloka, anthu akusodza chambo ndi kulima mapira. Ngakhale kwa azungu anzake malowo sadali achilendo. David Livingstone adafika kumwera kwa nyanjayi mu 1859. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, mwa iwo Dokotala Robert Laws, adadutsa pomwepo ndi sitima ya Ilala kukamanga ku Cape Maclear, kumene adakhala mpaka adasamukira ku Bandawe mu 1881. Ndipo kale lonse, Ayao asadatsike kuchokera kum'mawa m'zaka za m'ma 1800, m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire mudali Anyanja ndi Amang'anja, mbumba ya Amaravi. Mneni woyenera ndi wamba: adafika. Livingstone adafika pa nyanja. Johnston adafika kwa Mponda.

Inayamba nayonso ikunena zoposa zimene mukufuna. Chimene chidayamba mu 1891 ndi linga, ndiponso ulamuliro wa linga limenelo. Dziko ndi anthu ake zidalipo. Ndikadakhala ine ndikadalemba motere: "M'chaka cha 1891 Angelezi adamanga linga moyang'anizana ndi mudzi wa Mponda, nalitcha Fort Johnston. Linga limeneli ndilo lidasanduka boma la Mangochi." Mwana wowerenga ziganizo ziwirizi afunsa yekha kuti Mponda adali ndani, ndipo apo mpamene mbiri ya kwanu yayambira kukoma.

Pa mneni kukhazikitsa ndilibe naye chifukwa, bola mudziwe kuti akubisa zaka zinayi za nkhondo. Boma silidangokhala pansi ngati mlendo wopatsidwa mpando. Mu Disembala 1891 Maguire yemweyo adaphedwa pa nyanja polimbana ndi anthu a Makanjira. Jalasi, amene m'mabuku a Angelezi amalembedwa kuti Zarafi, adali ndi mudzi wake pa phiri la Mangochi cha ku Namwera, ndipo adawabweza asilikali a boma mu 1892 asadagonjetsedwe mu 1895. Pa phiripo Angelezi adamangapo linga lina, Fort Mangochi, limene zipupa zake za miyala zikadaoneka. Linanso adalimanga kwa Makanjira nalitcha Fort Maguire.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi, ndipo ndikuchinena ngati munthu wokonda dera limenelo. Polemba za mafumu amenewa musagwiritse mawu a mbali imodzi yokha. Ena amalemba kuti adali ngwazi zokana atsamunda, n'kulekera pomwepo. Ena amalemba kuti adali ogulitsa akapolo, n'kulekeranso pomwepo. Zonse ziwiri zidachitika, ndipo Chichewa chili ndi mawu okwanira kunena zonse m'ndime imodzi: adateteza dziko lawo, ndipo chuma chawo china chidachokera ku malonda a anthu. Pakati pa ana amene adzawerenga kabukuka pali zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, ambiri osadziwa kuti ali mbali iti, ena ali mbali zonse ziwiri. Musalembe kuti "akapolo adatengedwa" ngati kuti adabadwa ali akapolo. Lembani kuti anthu adagwidwa ukapolo.

Mnyamata wina wa ku Rosettenville, amene akuti Chichewa akuchiphunzira kwa agogo ake aakazi, wafunsa za pepala. Akuti: "Pa chitupa chakale cha agogo anga aamuna, amene anabwera ku migodi ndi Wenela, palembedwa Fort Johnston. Pa pasipoti ya bambo anga palembedwa Mangochi. Kodi anasamuka?"

Sadasamuke, mwanawe. Dzina ndilo lidasintha. Dera lonselo poyamba Angelezi ankalitcha South Nyasa, kenaka lidatenga dzina la linga, Fort Johnston. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina ambiri a atsamunda adachotsedwa m'zaka zotsatira, ndipo boma limeneli lidapatsidwa dzina la phiri la Jalasi lija. Zomwezi zidachitika kwina: Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa, Port Herald idakhala Nsanje, ndipo tsidya lina ku Zambia Fort Jameson idakhala Chipata. Ukapeza anzako a kumeneko ali ndi mapepala a agogo awo, uwauze zomwezi.

M'kabukumu dzina lakale mulilembe monga lidalembedwera, Fort Johnston, pamene mukunena za nthawi yake. Musalisinthe kukhala Mangochi m'nkhani ya 1914, mwachitsanzo, pamene sitima ya nkhondo ya Guendolen idapita kukawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Mzinga wa Guendolen uli pa boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi imene idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pomwe palinso chikumbutso cha anthu amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Mwana akadzaima pamenepo n'kuwerenga zolembedwa, dzina lakalelo lisadzamudabwitse.

Maina ena sadasinthidwe, adangokonzedwa kalembedwe. Ncheu idakhala Ntcheu, Cholo idakhala Thyolo, Mlanje idakhala Mulanje, Kota Kota idakhala Nkhotakota. Khutu la Mngelezi silinkamva kampweya kamene kamalekanitsa k ndi kh, kapena t ndi th, ndiponso linkataya n woyambirira. Ngakhale Mangochi m'mabuku akale mudzaipeza italembedwa Mangoche. Pokopera mawu a m'buku lakale siyani mmene alili, koma m'ziganizo zanu lembani za lero.

Mayi wina wa ku Turffontein wafunsa mwachidule: "Tilembe anamanga kapena adamanga? Tikukangana."

Musakangane, mayi. Zonse ndi Chichewa. M'chigawo cha pakati anthu ambiri amalekanitsa ziwirizi: da ndi wa zinthu zakale zimene zidatha, na ndi wa zaposachedwa. Kumwera, kuphatikizapo kwanu, na amagwira ntchito zonse ziwiri, ndipo kamvekedwe ka mawu ndi kamene kamathandiza womva. Pa pepala kamvekedwe sikaoneka, choncho da amathandiza m'nkhani ya mbiri. M'mayankho anowa mwaona kuti za 1891 ndalemba adamanga, koma za ulendo wa mnzanu wa Disembala m'kalata yake mwalembedwa anayamba kutsitsa zikwama. Mukasankha na yekha, palibe angakudzudzuleni. Chongopewa n'kusinthasintha m'ndime imodzi popanda chifukwa.

Lomaliza lachokera kwa bambo wachikulire amene akuti adafika kuno nthawi ya Theba, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi. Akufunsa dzina loyenera la mzungu amene ankalamulira pa boma. "Ena akuti DC, ena akuti bwanamkubwa, ena akuti mtsamunda."

Bambo, atatuwa si amodzi. Mzungu wa pa boma udindo wake udasintha dzina kangapo. Poyamba m'Chingerezi ankatchedwa Collector, ndiye kuti wokhometsa msonkho, ndipo dzinali likunena poyera ntchito imene boma lidaiika patsogolo. Pofika 1894 msonkho udali mashilingi atatu pa nyumba, ndipo kufunafuna ndalama imeneyi ndi chimodzi mwa zimene zidatulutsa amuna m'midzi kupita ku minda ya azungu, ku Halale ndi kuno ku Joni. Kenaka adatchedwa Resident, ndipo pambuyo pake District Commissioner, mpamene padachokera bwana DC amene inu mudamudziwa. Mukamalemba za zaka zoyambirira, mawu osalakwa ndi akuti mzungu wa boma kapena bwana wa pa boma.

Bwanamkubwa ndi mawu enanso a Chiswahili, bwana mkubwa, kutanthauza bwana wamkulu. M'nthawi ya atsamunda ulemu umenewu udali wa Gavanala wa ku Zomba. Masiku ano wailesi ndi nyuzipepala zimati bwanamkubwa wa boma la Mangochi ponena za DC, ndipo zidazolowereka, sindikuzikana. Koma m'kabuku ka mbiri, mukati bwanamkubwa adafika pa Fort Johnston mu 1920, wowerenga wodziwa amva kuti kudabwera Gavanala, osati DC wa pomwepo.

Mtsamunda ndi mawu athuathu. Tsa ameneyu timamupezanso mu tsabwalo, woyang'anira bwalo la gule, ndi mu Tsang'oma, woimba ng'oma wa kwa Makewana, mayi wopempha mvula wa ku Msinja. Amaloza mwini kapena woyang'anira chinthu. Tsamunda adali mwini munda, mzungu wa esiteti amene anthu ankamugwirira thangata. Kuchokera pamenepo mawuwa adakula n'kuphimba azungu onse olamulira, ndipo tidapanganso chitsamunda ndi utsamunda. Choncho mukhoza kulemba kuti boma la atsamunda, kapena nthawi ya atsamunda, ndipo zili bwino. Koma si dzina la udindo. Simungati mtsamunda wa pa Fort Johnston adaweruza mlandu, mukutanthauza DC.

Bamboyu anaonjeza kafunso pansi pa kalata yake, kuti nanga T/A amene amalembedwa pa mafomu adayamba liti, popeza Mponda ndi Makanjira adali mafumu boma lisadabwere. Lamulo la 1912 ndi limene lidayamba kuika mafumu ena pansi pa boma ngati othandiza bwana wa pa boma, ndipo la 1933 lidawapatsa mphamvu zoweruza milandu ndi kuyendetsa madera awo pansi pa dzina lakuti Native Authority. Mawu akuti Traditional Authority, amene chidule chake ndi T/A, adabwera m'malo mwa dzina limenelo. Chidulechi chisiyireni mafomu. M'kabukumu, za 1891 lembani kuti Mfumu Mponda, ndipo za lero lembani kuti Mfumu Yaikulu Mponda, kapena mungoti kwa Mponda monga mmene mumayankhulira mukakumana ku Mayfair.